Kamaso ndi Nsomba Yopanda Mchira

Kamaso ankafuna kukwera nsanja. Sinali nsanja wamba. Inali nsanja ya nyali, yoyera, yaitali. Inali pachilumba, pakati pa nyanja yaikulu.

Dzina lake lenileni linalipo. Koma onse ankangoti Kamaso. Ankatero chifukwa ankaona chilichonse. Singano ikagwa, ankaitola ndi Kamaso. Batani likasowa, ankalipeza ndi Kamaso.

Kamaso anali ndi mlongo wake wakhanda. Iyeyu ankamutcha Bwana. Bwana akalira, nyumba yonse inkathamanga. Bwana akagona, nyumba yonse inkanong'ona.

Ababa awo ankagwira ntchito m'sitima ya katundu. Sitimayo inkapita kutali. Ababa ankabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Kamaso ankawasowa kwambiri.

Tsiku lina Ababa anaimba foni.

"Kamaso, mwanangu, tamvera," anatero Ababa. "Loweruka masana sitima yathu idzadutsa pafupi ndi chilumba. Sidzaima ayi. Koma ukadzakwera nsanja ya nyali, ndidzakuona. Udzakupize nsalu yako yachikasu ija."

"Nanga ndidzadziwa bwanji kuti mwandiona?" anafunsa Kamaso.

"Udzamva hutala. Ndamupempha kale woyendetsa sitima kuti adzailize."

Inali nthawi ya tchuthi. Amayi anali atasunga kangachepe. Ndalamazo sizinali zambiri.

"Tipita," anatero Amayi. "Koma tikayenda mwanzeru. Tikayenda pansi. Chakudya tinyamula chathu. Wamva?"

"Ndamva, Amayi!"

Amayi a Kamaso ankada nkhawa ndi zinthu zambiri. Ankaopa magalimoto. Ankaopa mphepo. Ankaopa dzuwa. Koma koposa zonse ankaopa tizilombo ta m'manja. M'chikwama mwawo simunkasowa sopo. Simunkasowanso kansalu koyera kopukutira.

"Gwira dzanja langa," ankatero Amayi.

"Usakhudze," ankatero Amayi.

"Tasamba m'manja," ankatero Amayi.

Anakwera boti. Anafika pachilumba. Anagona m'kachipinda kakang'ono ka alendo. Loweruka linafika.

Amayi anabereka Bwana kumbuyo. Anamuveka kachipewa kotchinga dzuwa. M'chikwama anaikamo buledi, nthochi ndi botolo la madzi. Kamaso anamanga nsalu yake yachikasu m'chiuno.

Panjira oyendetsa takisi anawaitana.

"Mayi, takisi iyi! Kwerani, dzuwa likuwawa!"

"Zikomo, bambo," anayankha Amayi. "Tabwera ndi miyendo yathu."

"Ndipo siifuna mafuta!" anatero Kamaso.

Woyendetsa takisi anaseka. Amayi anamwetulira. "Gwira dzanja langa," anatero.

Anafika panyumba yosungiramo zinthu zakale. Pawindo panakhala mayi wogulitsa matikiti. Anavala magalasi aakulu.

"Takulandirani," anatero mayiyo. "Pachilumba pano pali malo atatu oti muone. Pali nyumba ino. Pali linga lakale. Palinso nsanja ya nyali. Mukamalipira khomo lililonse, ndi zodula. Mukalipira pano kamodzi, ndi zotsika mtengo. Mulowa malo onse."

"Tilipira kamodzi," anatero Amayi msanga. "Nanga khandali?"

"Makanda ndi ulere."

"Bwana salipira!" anaseka Kamaso. "Mabwana ndi choncho!"

Amayi analipira. Anadikira tikiti. Koma mayi uja sanatulutse pepala.

"Kuno sitipereka mapepala," anatero. "Mapepala amauluka ndi mphepo. Bweretsani manja."

Anatenga chidindo. Anachiviika mu inki yabuluu. Anadinda kuseri kwa dzanja la Amayi. Kha! Anadinda kuseri kwa dzanja la Kamaso. Kha!

Kamaso anayang'ana. Padzanja pake panali kansomba. Kanali ndi diso. Kanali ndi zipsepse. Koma Kamaso anaona kanthu kena.

"Azakhali, nsombayi ilibe mchira."

"Ii, maso akuthwa!" anatero mayi uja. "Chidindochi chinagwa pansi. Mchira unathyoka. Koma imasambirabe. Nsombayi ndiyo tikiti yanu. Muisamale mpaka madzulo."

Nthawi yomweyo Bwana anayetsemula. Etsi!

"Mayo!" anatero Amayi. "Kodi wadwala? Ndi mphepo ya m'boti ija! Kamaso, tamukhudza pamphumi. Kodi watentha thupi?"

Kamaso anaima ndi zala zakumapazi. Analowetsa dzanja kunsi kwa kachipewa. Anakhudza pamphumi pa Bwana ndi kuseri kwa dzanja, monga ankachitira Amayi.

"Sanatenthe, Amayi."

Amayi sanakhulupirire. Anatambasula dzanja kumbuyo. Nawonso analilowetsa kunsi kwa kachipewa. Anamukhudza okha ndi kuseri kwa dzanja.

"Chabwino," anatero. "Tiyeni tilowe. Gwira dzanja langa. Usakhudze kanthu."

M'katimo munali mozizira bwino. Kamaso anaona mabwato akale. Anaona maukonde akale. Anaona nkhafi zazitali. Anaona nangula wamkulu kuposa tebulo la kunyumba. Anaona nyali zakale zamagalasi obiriwira. Anaona zonse, koma sanakhudze kanthu.

Kenako anayang'ana kudenga. Anatsegula pakamwa. Kudengako kunali mafupa. Anali mafupa aakulu, oyera, omangidwa ndi zingwe.

"Ameneyo ndi namgumi," anatero mtsikana woonetsa alendo. "Ndi chinyama chachikulu cha m'nyanja. Amakula kuposa basi."

Kamaso anaona nthiti za namgumi. Anaona mutu wa namgumi. Anaonanso kanthu kena. Pakati pa nthitizo panali kangaude.

"Amayi, onani! Namgumi wameza kangaude!"

Koma Amayi ankayang'ana zingwe.

"Tichoke pansi pake," anatero. "Angatigwere."

"Musaope, mayi," anatero mtsikana uja. "Wakhala pamenepo kuyambira ine ndisanabadwe."

"Ndiye kuti zingwezo zatopa," anatero Amayi. "Kamaso, tiye."

Anatuluka. Anayenda pansi. Anadutsa pamsika. Anadutsa nyumba zopaka utoto wa mitundumitundu. Anafika palinga lakale.

"Manja!" anatero mlonda wa palinga.

Amayi anaonetsa dzanja. Kamaso anaonetsa dzanja. Mlonda anagwedeza mutu. "Lowani."

Kamaso anayang'ana nsomba yake. Inalipo ndithu. Koma sinali yowala ngati poyamba. Inali itazimirira pang'ono. Ya Amayi inali itazimiriranso.

"Inki ina yapita kuti?" anadzifunsa Kamaso.

Koma kutsogolo kunali mizinga. Kamaso anaiwala za inki.

Makoma a linga anali amiyala. Anali aatali. Mizinga inaloza kunyanja. Inali yakale, yadzimbiri. Pamzinga wina panagona mphaka.

Amayi anatembenuka kukonza nsalu yoberekera Bwana. Kamaso anasisita mphaka. Anasisitanso mzinga. Amayi anacheuka.

"Kamaso! Taona manja akowo!"

Zikhatho za Kamaso zinali zofiira ndi dzimbiri. Zinali ndi ubweya wa mphaka.

"Ndipo nthawi ya chakudya yakwana," anatero Amayi. "Ndi manja amenewo sudya. Tiye kumpopi."

Pansi pa mtengo panali mpopi. Amayi anatulutsa sopo. Anatsegula madzi. Anasambitsa Kamaso m'manja. Anapaka sopo m'zikhatho. Anapaka sopo m'zala. Anapaka sopo kuseri kwa manja. Anatikita. Anatikitanso. Thovu linali mbuu!

Kenako Amayi anasamba nawonso. Anatikita. Anatikitanso. Anapukuta ndi kansalu koyera.

Bwana anali m'tulo. Amayi sanamupukute. Bwana akagona, sadzutsidwa.

Anakhala pamthunzi. Anadya buledi. Anadya nthochi. Anamwa madzi. Kamaso ankangoganiza za Ababa. Amayi ankangoganiza za ntchentche. Palibe amene anaganiza za nsomba.

Dzuwa linapendeka pang'ono.

"Amayi, nthawi!" anatero Kamaso.

Anakwera chitunda. Njira inali yaitali. Amayi anatuluka thukuta. Kamaso sanatope. Pamwamba pa chitunda panali nsanja. Inali yoyera. Inali yaitali. Inali ngati mmene ananenera Ababa.

Pakhomo panakhala mlonda wa ndevu zoyera.

"Manja!" anatero.

Kamaso anatambasula dzanja monyadira. Amayi anatambasula lawo.

Mlonda anayang'ana. Kamaso anayang'ana. Amayi anayang'ana.

Manja anali oyera mbee. Panalibe diso. Panalibe chipsepse. Nsomba zinali zitapita.

"Kalanga ine," ananong'ona Amayi. "Sopo uja."

"Nsomba zili kuti, mayi?" anafunsa mlonda.

"Bambo, tinalipira. Tinalipira ndithu. Tinangosamba m'manja. Zapita ndi madzi."

Mlonda anakanda ndevu. Sanali munthu wankhanza. Koma ntchito ndi ntchito.

"Pepani, mayi," anatero. "Tsiku lililonse ndimamva zomwezo. Wina amati ndi thukuta. Wina amati ndi mvula, kulibe ndi mtambo womwe. Ine ndimalowetsa nsomba basi. Ngati mulibe, mulipire pano."

Amayi anagwira chikwama. Munatsala ndalama ya boti yokha. Akailipira, abwerera bwanji kunyumba?

"Tibwerere kwa mayi wa matikiti uja," anatero Amayi. "Atikumbukira."

Koma kumeneko kunali kutali. Kamaso anayang'ana kunyanja. Anaona kanthu kakuda. Kanali kakang'ono ngati nyerere. Kankatulutsa utsi.

"Amayi, sitima ya Ababa! Ikubwera!"

Amayi anayang'ana kunyanja. Anayang'ana njira yaitali ija. Maso awo analengeza misozi.

"Ndakulakwira, mwanangu," anatero. "Ine ndi sopo wanga."

Kamaso sanalire. Anagwira dzanja la Amayi. Ulendo uno anayamba ndi iye kuligwira.

"Musalire, Amayi," anatero. "Dikirani ndiganize."

Kamaso anatsinzina. Anakumbukira chidindo. Kha! Nsomba inali yowala. Anakumbukira pakhomo la linga. Nsomba inali itazimirira. Pamenepo n'kuti asanasambe. Ndiye inki ina inapita kuti?

Kodi anakhudza bwato? Ayi. Kodi anakhudza nangula? Ayi. Kodi anakhudza namgumi? Ayi, anali kudenga. Amayi anati asakhudze kanthu. Iye sanakhudze kanthu.

Koma ayi! Chilipo chimene anakhudza. Anachikhudza inki ikanali yaiwisi. Anamutuma ndi Amayi omwe.

Kamaso anatsegula maso.

"Bwana!" anafuula.

"Watani Bwana?" anadzidzimuka Amayi. "Wadwala?"

"Ayi, Amayi. Tagwadani pang'ono."

Amayi anagwada. Bwana anali m'tulo. Kamaso anagwira kachipewa. Anakanyamula pang'onopang'ono.

"Amalume," anatero kwa mlonda, "tabwerani muone."

Mlonda anadzuka pampando. Anavala magalasi. Anawerama.

Pamphumi pa Bwana panali nsomba. Sinali imodzi. Zinali ziwiri. Zinali zabuluu. Ina inali pamwamba, ina pansi pake.

"Iyi ndi yanga," anatero Kamaso. "Ndinamukhudza kuti ndione ngati watentha thupi. Iyo ndi ya Amayi. Sanandikhulupirire, ndiye anamukhudzanso okha."

Mlonda anakanda ndevu.

"Makanda sitiwadinda," anatero pang'onopang'ono. "Ndipo pamphumi sitidindapo munthu."

"Onaninso, amalume," anatero Kamaso. "Zonse ziwiri zilibe mchira."

Mlonda anawerama kwambiri. Anayang'ana nsomba yoyamba. Anayang'ana nsomba yachiwiri. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka ndevu zinagwedezeka. Anaseka mpaka anagwira pamimba.

"Chidindo chimenechi ndikuchidziwa!" anatero. "Mayi wa matikiti uja ndi mayi a kunyumba kwanga. Anachigwetsa okha. Koma mpaka lero amati ndinawadzidzimutsa ndine!"

Amayi anamasula Bwana. Anamubweretsa kutsogolo. Anaona nsomba zija ndi maso awo.

"Mayo! Inki pakhungu la mwana!" anatero. Dzanja lawo linalowa m'chikwama. Linatuluka ndi kansalu koyera.

"Amayi, ayi!" anafuula Kamaso.

"Mayi, ayi!" anafuula mlonda.

Amayi anaima. Anayang'ana kansalu. Anayang'ana Kamaso. Kenako nawonso anaseka.

"Dzanja ili silimva," anatero.

Mlonda anatsegula chitseko.

"Lowani, lowani, sitima siidikira," anatero. "Koma tikiti yanuyi musaitaye. Sindinaonepo tikiti yoyamwa chala."

Amayi anaberekanso Bwana. Analowa. M'katimo munali masitepe ozungulira. Anakwera. Anazungulira. Anakweranso. Anazunguliranso.

"Gwira chitsulo!" anatero Amayi. "Usathamange! Usayang'ane pansi!"

"Ndikuyang'ana kumwamba, Amayi!"

Anafika pamwamba. Pakati panali nyali yaikulu yagalasi. Kunja kunali khonde lozungulira. Linali ndi mpanda wachitsulo. Mpandawo unkafika m'phewa mwa Kamaso. Mphepo inali kuwomba. Kamaso anaona chilumba chonse. Anaona denga la nyumba ya namgumi. Anaona linga. Anaona ngakhale mtengo wa pampopi uja.

Ndipo anaona sitima. Sinalinso ngati nyerere. Inali yaikulu, yodzaza katundu. Inali kudutsa.

Kamaso anamasula nsalu yachikasu. Anaikupiza ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo anagwira Amayi. Nsalu inangodzipinda ndi mphepo. Sinatambasuke.

Hutala sinalire.

Anakupizanso. Nsalu inadzipindanso. Hutala sinalire. Sitima inali kupitirira.

"Amayi," anatero Kamaso, "Ababa sakundiona. Ndikufuna manja awiri. Ndisiyeni dzanja."

Amayi anayang'ana mpanda. Anaugwedeza. Unali wolimba. Anaugwedezanso. Unali wolimbabe. Anayang'ana mwana wawo, mwana amene anapeza nsomba.

Amayi anapuma mozama. Anasiya dzanja la Kamaso.

Anagwira diresi lake kumbuyo. Koma dzanja analisiya.

Kamaso anagwira nsalu ndi manja awiri. Anaikweza m'mwamba. Mphepo inaitambasula. Inawala ngati dzuwa. Amayi anatulutsa kansalu kawo koyera. Sanapukute nako munthu. Anakakupiza nawonso.

Pasitima panaoneka munthu. Anali wamng'ono ngati chala. Anavula chipewa. Anachikupiza.

"Ababa! Ababa!"

Pooooo!

Hutala inalira. Mbalame zinauluka. Nsanja yonse inamva.

Pooooo!

Bwana anadzuka. Anatsegula pakamwa kuti alire. Koma anaona nsalu yachikasu ikuvina. Anaseka. Nsomba za pamphumi pake zinakwinyika ngati zikusambira.

"Atiwona, Amayi! Atiwona!"

"Atiwona, mwanangu," anatero Amayi. Anapukuta maso ndi kansalu kaja.

Anayang'ana sitima mpaka inachepa. Inakhala ngati chala. Inakhala ngati nyerere. Kenako inasowa.

Anatsika. Anatsanzikana ndi mlonda.

"Tikiti muli nayo?" anafunsa mlonda.

"Tili nayo, amalume! Ikufuna kuyamwa!"

Madzulo anafika m'kachipinda kawo. Amayi anasambitsa Bwana. Anamusambitsa miyendo. Anamusambitsa m'manja. Anamusambitsa m'makutu. Anafika pamphumi. Anaima.

Kamaso ankawayang'ana. 

Amayi anaika sopo pansi. Anatenga foni. Anajambula Bwana. Chithunzicho anatumiza kwa Ababa.

"Izi tipukuta mawa," anatero Amayi. "Mawa m'mamawa ndithu."

Kamaso anamwetulira. Anagona pafupi ndi Amayi. Amayi anagona pafupi ndi Bwana. Ndipo Bwana anagona ndi nsomba ziwiri pamphumi, zonse zopanda mchira.